Kukweza ndi kusamalira mbendera ya Malawi pasukulu, paofesi olo pakhomo: yambani chonchi

Abale anzanga, nkhani ya mbendera imandikhudza kwambiri. Ukayenda m'maboma mwathumu upeza mbendera ili pamlongoti inde, koma yomvetsa chisoni, chakuda chija chinatuwa kalekale, chobiriwira chinasuluka, kumapetoku kunang'ambika nkumangolendewera tinsanza, ndipo anthu amangodutsa pansi pake tsiku ndi tsiku osaona vuto lililonse. Ambiri sikuti ndi chipongwe ayi, kungoti palibe anawalangizapo. A mlonda kapena a mesenjala amangopatsidwa nsalu ija nkuuzidwa kuti kakwezeni, basi. Nde ndati ndiyale ndondomeko yake bwinobwino, kuti a hedi, a komiti ya sukulu, a ku ofesi, ngakhale inu amene muli ku Joni kapena ku UK mukukonza chikondwerero cha 6 Julaye, mukhale ndi poyambira.

Choyamba, onetsetsani kuti yomwe mwagwirayo ndi yoona

Musaseke, anthu amagula yolakwika. Mbendera yathu ili ndi zigawo zitatu zopingasa zofanana kukula: pamwamba chakuda, pakati chofiira, pansi chobiriwira. Pa chakudapo pali dzuwa lofiira lomwe likungotuluka kumene, theka chabe, ndipo lili ndi timalawi 31. Tengani nthawi muwerenge timalawito, osoka ena amangoika 12 kapena 20 poti nkosavuta kudula.

Chomwe chimasokoneza ndi choti dziko lino linakhalapo ndi mbendera ina. Pa 29 Julaye 2010, boma la Bingu wa Mutharika linasintha, chofiira chinapita pamwamba, chakuda pakati, chobiriwira pansi, ndipo pakatikati anaikapo dzuwa loyera lathunthu la timalawi 45. Ganizo lawo linali loti dziko latukuka, sitingamangokhala m'bandakucha mpaka kalekale, dzuwa latuluka lonse. Koma anthu ambiri sanailandire, a zipani zotsutsa ndi mabungwe anadandaula kuti Amalawi sanafunsidwe mokwanira, ena mpaka ankangoitcha mbendera ya Bingu. Bingu atamwalira mu Epulo 2012, Joyce Banda atalowa, aphungu ku Nyumba ya Malamulo anavota pa 28 Meyi 2012 kuti ibwerere ya 1964 ija. Ndiye ya dzuwa loyera inangokhala zaka zosakwana ziwiri, koma pa intaneti ikugulitsidwabe ndipo zithunzi zake zimatulukabe mukasaka pa Google. Opanga ma posta ndi ma tisheti chonde apa tsegulani maso.

Komanso musasokoneze ndi ya Kenya, nayonso ndi yakuda, yofiira, yobiriwira mu ndondomeko yomweyo, koma ili ndi timizere toyera pakati pa zigawozo ndi chishango ndi mikondo pakati. Kwa inu muli kunja amene mumaoda zinthu pa Amazon, yang'anani chithunzi kawiri musanalipire.

Chachiwiri, dziwani nkhani yake musanaigwire

Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa munthu amene akudziwa komwe chinthu chinachokera amachigwira mwa mtundu wina.

Nthawi ya atsamunda, dziko lino lili Nyasaland, mbendera inali ya buluu, pakona pali Union Jack ya Angerezi, mbali inayo chizindikiro cha kambuku ataima pathanthwe, kumbuyo kwake dzuwa likutuluka. Kuyambira 1953 mpaka 1963 tinaikidwa mu chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe makolo athu anachikana kwamtuwagalu. Kamuzu Banda anafika pa Chileka pa 6 Julaye 1958 kudzatsogolera nkhondo yothetsa chitaganyacho, ndipo tsiku lomwelo la 6 Julaye ndi lomwe linadzasankhidwa kukhala la ufulu. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti zinthu zavuta m'dziko, atsogoleri a Nyasaland African Congress anagwidwa m'bandakucha, Kamuzu anakatsekeredwa ku Gwelo komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu omwe anasonkhana padoko kufuna kuti abale awo omwe anatsekeredwa mu sitima ya Mpasa atulutsidwe. Anthu osachepera 20 anafera pomwepo. Nchifukwa chake 3 Malichi timakumbukira ofera dziko. Ndiye mukamva kuti chofiira chikuimira magazi a anthu omwe anafera ufulu, musamve ngati ndi za pa mayeso a Sitandade 8 chabe, ndi magazi enieni a anthu omwe zidzukulu zawo zilipo mpaka lero, kuyambira a John Chilembwe ndi anzawo mu 1915 mpaka a ku Nkhata Bay aja.

Congress italetsedwa, Orton Chirwa ndi anzake anayambitsa Malawi Congress Party chaka chomwecho cha 1959, ndipo mitundu yake inali yomweyi, yakuda, yofiira, yobiriwira. Mitundu itatuyi ndi yomwenso gulu la Marcus Garvey linasankha ku America mu 1920 ngati mitundu ya anthu akuda padziko lonse. Pofika pa ufulu anatenga mitunduyo nkuwonjezerapo dzuwa. Usiku wa pa 5 kuchezera pa 6 Julaye 1964, pa sitediyamu ya ku Chichiri mu Blantyre yomwe lero timati Kamuzu Stadium, Union Jack inatsitsidwa, Prince Philip ali pomwepo kuimira Mfumukazi, ndipo mbendera yathuyi inakwera koyamba.

Chakuda ndi ife anthu a mu Africa. Chobiriwira ndi nthaka ndi zomera za dziko lino. Dzuwa lotulukalo ndi kucha kwa ufulu ndi chiyembekezo, osati kwa Malawi yekha koma kwa Africa yense, ndipo limagwirizana ndi mfuu ija makolo ankakuwa pamisonkhano kuti kwacha. Za timalawi 31 zimafotokozedwa kuti Malawi anali dziko la nambala 31 mu Africa kulandira ufulu. A phunzitsi, musanawapatse ana chingwe, auzeni zimenezi kaye olo kwa mphindi zisanu.

Ineyo maganizo anga ndi oti ngakhale mitunduyi inachokera ku chipani, mbendera inasiya kukhala ya chipani tsiku lomwe inakwera pa Chichiri paja. Ndi ya wa MCP, wa DPP, wa UDF, wa UTM ndi wosavota yemwe, ndipo zomwe zinachitika mu 2010 zinaonetsa kuti anthu amaitenga ngati yawo, osati ya amene ali pampando.

Kugula kapena kusoketsa

Muyezo wake ndi 2 kwa 3, kutanthauza kuti ngati m'lifupi ndi masentimita 60, m'litali akhale 90, chigawo chilichonse 20. Ya pasukulu kapena paofesi yabwino ndi ya 120 kwa 180, chigawo chilichonse 40. Kapena 90 kwa 135 ngati mlongoti ndi waufupi. Mukapita kwa telala mulembereni manambalawa papepala ndipo mutengereni chithunzi choona, apo ayi akusokerani mwa m'mutu mwake. Dzuwa likhale pakatikati pa chigawo chakuda, likhale ngati likutuluka kuchokera pa chofiira, ndipo lioneke mbali zonse ziwiri za nsalu, osati kutsogolo kokha kumbuyo kuli bii.

Nsalu sankhani ya poliyesita yopepuka, imauma msanga ndipo imakupizika olo kamphepo kakhale kochepa. Ya thonje imalemera ikanyowa ndipo imasuluka msanga. Muuzeni telala apinde kawiri nkusoka mizere itatu kapena inayi kumapeto komwe kumamenyedwa ndi mphepo, chifukwa kung'ambika kumayambira kumeneko nthawi zonse, makamaka miyezi ya mwera ndi chiperoni. Mbali ya kumlongoti asokereko nsalu yolimba yolowetsamo chingwe. Ndipo pakona ya pamwamba, ku chakuda kuja, mangiranipo kamtengo kakang'ono kapena kachizindikiro koti munthu azikamva ndi dzanja, kuti olo kukhale kusanayere bwino asalakwitse kumwamba ndi kunsi.

Mlongoti ndi chingwe

Mlongoti ukhale wowongoka, pamalo poonekera, kutali ndi nthambi za mitengo, denga la malata ndi mawaya a magetsi. Za mawayazi musazitenge mwachibwana, paipi yachitsulo ikagunda waya wa magetsi munthu amafa. Paipi ndi yabwino kuposa mtengo, koma ngati ndalama zavuta bulugama wowongoka amagwira ntchito, bola kunsiko mupake oilo wakutha kuopa chiswe nkuthira simenti padzenje. Pakani penti yoyera. Pamwamba ikani kagudumu koyendetsa chingwe, pansi cha m'chiuno mukhomere chitsulo chokulungapo chingwe. Chingwe chikhale cha nayiloni, chotalika kawiri kuposa mlongoti ndi kotsalako pang'ono, ndipo mbendera ikamangidwa nsonga ziwirizo zikumane kuti chingwe chisathawire kumwamba, chifukwa chikathawa ndi pomwe anthu amayamba kukweza mwana wasukulu pamlongoti, zomwe siziyenera kuchitika ngakhale pang'ono. Gwetsani mlongoti kapena pezani makwerero ndi munthu wamkulu.

Kukweza m'mawa

Zomwe ndikunena kuyambira apa ndi mwambo womwe maiko ambiri amatsata, ndipo ndi zomwe mumaona asilikali ndi apolisi athu akuchita pa perete.

Ntchitoyi ndi ya anthu awiri. M'modzi anyamula mbendera yopinda m'manja onse awiri, mnzake amasula chingwe. Mangani kaye kona ya chakuda ku chingwe chokwera, kenako kona ya chobiriwira ku chingwe chapansi. Musanakoke, imani kaye muyang'ane, chakuda chili pamwamba? Mbendera yozondoka dzuwa lake limakhala pansi chadodolido, ndipo kwa anthu apanyanja mbendera yozondoka ndi chizindikiro choti tili pangozi, ndiye si kulakwitsa kwakung'ono. Wonyamula uja asaisiye mpaka itachoka m'manja mwake yokha, isakhudze pansi olo pang'ono, kaya ndi pafumbi, pa udzu kapena pa simenti.

Kokani mwachangu koma mosadukiza mpaka ifike pamwamba penipeni, osasiya mpata. Kenako kungani chingwe nkukulunga, chikakhala cholobodoka mbendera imatsetsereka yokha masana nkukhala ngati kwagwa maliro pomwe kulibe.

Onse omwe ali pafupi aime chilili, manja m'mbali, ayang'ane ku mbendera, abambo avule zipewa, foni m'thumba. Sawasha ndi ya ovala yunifolomu monga asilikali, apolisi ndi ma sikauti, ife enafe kungoima njo nkokwanira. Ngati pa asembule mukuimba nyimbo ya fuko, wokoka ayese kuti mbendera ifike pamwamba nyimbo isanathe kapena pothera pake. Ndipo a hedi, ntchitoyi musamangopatsa ma pulifekiti okhaokha, izizungulira makalasi, atsikana ndi anyamata omwe.

Kutsitsa madzulo

Apa ndi pomwe ambiri timagwa. Mbendera imakwera dzuwa likatuluka, imatsika dzuwa likamalowa, cha m'ma 6 koloko. Siyigona panja pokhapokha ngati pali getsi loiwalitsa usiku wonse. Kuisiya usana ndi usiku, mvula ndi mame, ndi komwe kumaipha miyezi yochepa chabe. Potsitsa musathamange, izitsika pang'onopang'ono, mnzanu aiwakhe isanafike pansi. Kukabwera chimvula champhepo tsitsani, palibe cholakwa.

Popinda gwirani awiri, wina uku wina uku, pindani m'litali kawiri kenako mubwere nayo mpaka ikhale kabokosi, muyesetse kuti chakuda ndi chingwe chomangira zitsalire kunja kuti mawa musavutike. Ikani mu kabati kapena mu bokosi lakelake mouma, osati pamwamba pa matumba a ufa wa phala mu sitolo momwe makoswe amachezera.

Dziko likakhala pa maliro

Kutsitsa mbendera pakati sachita aliyense mwa kufuna kwake, amalengeza ndi boma. Munaona mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atapha anthu ambiri kum'mwera, boma linalengeza masiku 14 olira, komanso mu Juni 2024 wachiwiri kwa pulezidenti Saulos Chilima ndi anzake atafa pangozi ya ndege ku Chikangawa analengeza masiku 21. Mverani chilengezocho bwino chifukwa chimanena kuti mbendera zikhala pakati masiku angati.

Kachitidwe kake nkotere: m'mawa kwezani kaye mpaka pamwamba penipeni, iime kamphindi, kenako muitsitse pang'onopang'ono mpaka cha pakati. Osangoikweza theka nkumanga. Itsike mokwanira kuti wodutsa aone kuti nzadala, asaganize kuti chingwe chamasuka. Madzulo muikwezenso kaye pamwamba musanaitsitse. Ngati pali mbendera zina za kampani kapena za sukulu pambali, nazonso zitsike kapena zichotsedwe, isapezeke ina ili pamwamba pa ya dziko. Ngati yanu ndi ya pakamtengo kosatheka kutsitsa, mangani kansalu kakuda pamwamba pake.

Za kufunditsa bokosi la maliro, zimenezo zimakhala za maliro a boma ndi a asilikali, ndipo mbendera siyikwiriridwa nawo, amaichotsa nkuipinda bokosi lisanatsikire m'manda.

Ikakhala pamodzi ndi mbendera zina

Ya dziko imayamba kukwera ndipo imatsika pomaliza. Malo ake aulemu ndi kumanzere kwa munthu amene akuyang'ana kuchokera kutsogolo. Ndiye ngati muli ndi milongoti iwiri kutsogolo kwa ofesi, mukaima pamsewu kuyang'ana nyumbayo, ya Malawi ikhale kumanzere kwanu. Ikakhala milongoti itatu ambiri amaiika pakati. Mu holo, ikhale kudzanja lamanja la wolankhula pamene wayang'ana anthu.

Mukalandira alendo a dziko lina, tinene a ku Zambia kapena Mozambique pa msonkhano wa m'malire ku Mchinji kapena ku Dedza, dziko lililonse likhale ndi mlongoti wake, milongoti yofanana kutalika, mbendera zofanana kukula. Kuika ya dziko lina pansi pa yathu pa chingwe chimodzi ndi chipongwe kwa alendowo. Inu muli kunja, kumbukirani kuti kumeneko malo aulemu ndi a eni dziko, yathu ibwere pambuyo pake.

Ya chipani, ya mpingo, ya timu kapena ya kampani isakhale pamwamba pa ya dziko, isakule kuposa ya dziko, ndipo isakhale nayo pa mlongoti umodzi.

Pakhoma, patebulo, pagalimoto

Mukaipachika pakhoma chopingasa, chakuda pamwamba, yosalala bwino, osaikhwinyata ngati katani. Mukafuna kuilendeweretsa choimirira, chakuda chikhale kumanzere kwa woyang'ana. Musakhome misomali pathupi pa nsalu, gwiritsani ntchito zingwe za m'makona.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ndi kuona mbendera atayala pa tebulo la alendo olemekezeka, pamwamba pake mabotolo a madzi, mbale za mtedza, wina watsamirapo chigongono. Mbendera si nsalu ya patebulo, si chokhalira, si chophimbira sipika, si chomangira katundu. Okongoletsa malo gulani nsalu wamba zakuda, zofiira ndi zobiriwira mukongoletsere, zimaoneka bwino zedi ndipo palibe angakudzudzuleni. Musalembepo kanthu pa mbendera, kaya dzina la sukulu, kaya la munthu amene mukumufuna pa chisankho.

Pagalimoto, tija timbendera ta kutsogolo pa boneti ndi ta akuluakulu a boma omwe udindo wawo umawalola. Kambendera kakang'ono ka mkati pa dashibodi kapena komata pagalasi tsiku la mpira palibe amakuvutitsani, koma yaikulu yofunditsa boneti kapena yokhwekhwereza kumbuyo kwa kabaza ikukolopa msewu ayi.

Ku mpira

Flames, Scorchers kapena Queens zikamasewera, tengani mbendera, ikupizeni, ikoleke m'mapewa, ndi pomwe imakoma. Bingu Stadium ikadzaza mitundu itatu ija thupi limachita tsemwe. Kungoti musaikhalire pa sitandi poti simenti yatentha, musapukutire thukuta, ndipo timu ikagonja musaitaye pansi pokwiya, amene walephera kugoletsa si mbendera. Timbendera tapepala tomwe amagawa pa zikondwerero titoleni pomaliza, tisatsale mu ngalande.

Lamulo likuti chani

Tili ndi lamulo lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act la 1967, lomwe limateteza mbendera, chizindikiro cha boma ndi maina ena. Kunyoza kapena kuchitira chipongwe mbendera ndi mlandu woti munthu atha kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Lamulo lomweli limaletsanso kugwiritsa ntchito mbendera pa malonda, monga kuiika pa chizindikiro cha kampani kapena pa katundu wogulitsa, popanda chilolezo cha boma. Ndiye a bizinesi, musanasindikize ma lebulo ambirimbiri a uchi kapena tchipisi okhala ndi mbendera, kafunseni kaye ku ofesi ya DC akulozereni koyenera.

Kuchapa ndi kupumitsa yakutha

Ikada ichapeni, palibe mwano pamenepo, mwano ndi kuisiya yakuda ndi fumbi. Chapani pamanja mu beseni loyera, madzi ozizira, sopo pang'ono, payokha osaphatikiza ndi zovala. Jiki asayandikire. Musaimenyetse pamwala, musaifinye mopotokola. Yanikani pa chingwe pamthunzi, osati pa udzu kapena pa mpanda wa minga. Kusita ndi simbi yofunda chabe, poliyesita amapsa msanga, ndipo ngati ndi simbi yamakala yalani kansalu kena pamwamba.

Kumapeto kukangoyamba kusosoka pitani nayo kwa telala adule pang'ono nkupindanso, koma ikafupika mpaka muyezo uja wasokonekera, kapena mitundu yasuluka moti chofiira chayamba kuoneka ngati pinki, nthawi yake yakwana. Musaitaye kudzala, musaisandutse chokolopera kapena chigamba, musapatse ana akasewerere. Mwambo wake ndi kuiwotcha mwaulemu pamalo obisika, anthu ochepa ataima chilili, mpaka ithe yonse, phulusa nkulikwirira. Zichitike mwakachetechete kuseri, chifukwa wodutsa akaona mbendera ikuyaka pagulu aganiza zina. Ya poliyesita utsi wake ndi woipa, ndiye imani kochokera mphepo, kapena duleni zigawo zitatu zija padera kuti isakhalenso mbendera, muzikulunge bwino nkuzikwirira. Ngati ili ya ofesi ya boma, dziwitsani akuluakulu anu kaye chifukwa ndi katundu wa boma wolembedwa m'buku.

A komiti ya sukulu ndi a ma ofesi, mukamapanga bajeti ya chaka ikanimo mbendera ziwiri ndi chingwe chatsopano. Imodzi izigwira ntchito masiku onse, inayo izikhala mu kabati kudikira 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julaye ndi tsiku lobwera alendo, ndipo ya masiku onse ija ikatha, yosungidwayo ilowe m'malo mwake inu nkugula ina.